Pakati pa Chisanu

Rozi anali pakati poimbitsa kwaya nyimbo ya abusa a ku Betelehemu pamene anaona njinga ya kabaza ikutsetsereka kuchokera kumsewu wa Kachebere. Munthu amene anakhala kumbuyoko anali Vitus. Dzanja la Rozi linauma m'mwamba, asopulano anapitirira okha, abesi anasochera, nyimbo n'kufera panjira.

"Taimbitsa, iwe," anatero Esitele, mnzake wa kuubwana, akumugunda ndi chigongono. Kenaka naye anasuzumira pazenera. "Mayo ine! Wauka kwa akufa."

Vitus anatsika n'kuyamba kusasa matope pabuluku lake mosafulumira. Ankamwetulira. Chimenecho ndicho chinamupweteka Rozi koposa, kuti munthu amene anamusowetsa tulo chaka chathunthu ankamwetulira ngati wafika pa nthawi yake.

Vitusyu anali mnyamata wa ku Dambe amene anaphunzirako kuseminale n'kusiyira panjira. Unsembe unamukanika, koma anatulukako ndi matenda osachiritsika, matenda a mabuku. Osati mabuku othandiza munthu kupeza ntchito, ayi. Anali mabuku akalekale a Chingerezi onena za mafumu otembereredwa, nyama zolankhula, ndi mayiko amene dzuwa limazemba kwa miyezi. Dzinja lapitalo, mvula ikawatsekereza pakhonde la tchalitchi kwaya itatha, ankamufotokozera Rozi nthano zimenezo m'Chichewa.

"M'mabuku amenewa zazikulu zonse zimachitika pakati pa chisanu," ankatero, maso ali gwa. "Usiku umatalika, mitengo imatsala mbulanda, kumwamba kumagwa zinthu zoyera ngati ufa. Anthu amatseka zitseko, amasonkhera chikuni chachikulu, amaphika phwando. Kenaka kumamveka kugogoda. Amene anasowa kalekale, amene onse anamutaya mumtima, amabwera nthawi imeneyo."

"Ufa uzigwa kumwamba, anthu n'kumavutikanso ndi khasu?"

"Ufa wake ndi wozizira, sudyeka."

"Ndiye dziko lachabechabe," ankayankha Rozi. Koma mawa lake ankafunsa kuti nthano ija inathera pati, ndipo umo ndi mmene chikondi chinalowera.

Mu Januwale Vitus anapeza ntchito ya uphunzitsi ku Chitipa. Pokwera basi pa boma la Mchinji anamugwira dzanja nati, "Ndidzabwera ndi amalume anga kudzaonekera kwanu pakati pa chisanu, ngati anthu a m'mabuku aja." Kalata iliyonse imene ankalemba inkathera ndi mawu omwewo.

Tsono ku Mchinji kuno chisanu ngakhale mwana amachidziwa. Ndi Juni, pamene milomo imang'aluka ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Rozi anauza mayi ake, aNabanda, ndipo aNabanda anauza aliyense amene anali ndi makutu. Anazira nyumba, anamangitsa bafa latsopano, anaphika thobwa, anaitanitsa mlongo wawo ku Chiosya kuti adzalandire alendo. Chaka chimenecho chisankho chinachitika mu Juni momwemo. Anthu anavota, inki inafufutika pazala, alendo osaoneka. Julayi anadutsa. Thobwa linasasa, linaphikidwanso, linasasanso. Mbuzi imene anasungira alendowo inafika potenga bere. Kumjigo azimayi sankaperekanso moni kwa aNabanda, ankangofunsa kuti, "Akamwini aja afika?"

Kuyambira Ogasiti, Rozi makalata a ku Chitipa ankasonkhera moto osatsegula. Ndipo Mateyo, wogulitsa zitenje za ku Chipata amene anakhala akumuzungulira kuyambira kale, atabweranso ndi mawu ake, Rozi anavomera. Palibe anamukankha. Anavomera ndi mkwiyo, koma anavomera yekha. Chinkhoswe chinachitika, ukwati anakalembetsa kwa a Fanuel akatekisiti, ndipo anagwirizana kuti kulengeza m'tchalitchi kudzayamba chaka chatsopano chikalowa.

* * *

Anakumana kuseri kwa tchalitchi, patsinde pa mango.

"Rozi wanga."

"Mwaswera bwanji, a Vitus."

Vitus anaima. Chiyambireni Rozi anali asanamutchulepo ndi ulemu wotero, ndipo ulemuwo unamubaya ngati munga.

"Zayamba liti zimenezi? Ndafikatu. Ndinati ndidzafika."

"Mwafika kudzatani? Kuno kulibe maliro."

"Rozi, ukulankhula chiyani? Mawa ndikatenga amalume, monga tinapangana."

"Tinapangana liti?"

"Pakati pa chisanu."

Rozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Malaya a Vitus anali atamatirira pamsana ndi thukuta. Kumunda kwa a Fanuel chimanga chinali chitafika m'mawondo, ndipo mitambo yakuda inkasonkhana chakumalire kwa Zambia.

"A Vitus, tapukutani thukuta pamphumipo, kenaka mundiuze kuti chisanu chake ndi chiti."

"Khirisimasi, Rozi! M'mabuku onse aja, pakati pa chisanu ndi Khirisimasi. Phwando lija, chikuni chija, mlendo wogogoda uja, zonsezo ndi za usiku wa Khirisimasi. Kwawoko Disembala ndiye mtima wa chisanu. Ndinakuuza ine."

"Unati phwando! Sunatchulepo Khirisimasi ngakhale kamodzi!" Ulemu uja unagwa wokha. "Ine ndine mzungu? Amayi anga ndi azungu? Mbuzi yathu ija inawerenga mabuku ako?"

"Mbuzi iti?"

Rozi anafuna kuyankha, koma kunatuluka kuseka. Kunali kuseka koipa, kopweteka m'nthiti, ndipo kusanathe kunasanduka kulira. Anamuuza zonse za Juni: bafa, thobwa, amalume a ku Chiosya amene anabwerera atatukwana, azimayi akumjigo. Vitus anamvetsera kukamwa kuli yasa, kenaka anakhala pamuzu wa mango.

"Ndiye munandidikira mu Juni," anatero motsitsa. "Ine ndili ku Chitipa, nditafunda mabulangete awiri, ndikuwerenga miyezi yotsala kuti Disembala afike." Anagwira mutu. "Ndimazizidwa, Rozi, koma sizinandibwerere m'mutu. Bwanji sunandilembere kundifunsa?"

"Mkazi azifunsa mwamuna kuti ubwera liti kudzandifunsira? Ndinalibe manyazi ine?"

"Makalata anga sunkayankha. Ndimati ndi a positi."

"Ndinkaphikira tiyi."

Rozi anamuyang'ana Vitus pakhosi powonda paja, pamakutu otuluka aja, ndipo anazindikira chinthu chimene chinamuopsa: mkwiyo umene anaudalira miyezi yonseyi unali utasungunuka, ndipo pansi pake chikondi chinali chikhalire. Munthuyu sananame. Anangopusa, ndipo kupusa n'kovuta kudana nako.

Vitus anadzambatuka. "Ndikonza. Ndikupita ku Dambe pompano. Tsiku la Khirisimasi ndibwera ndi amalume a Benedicto, tidzapemphera Misa konkuno, ikatha tidzafika kwanu. Ndidzagwada pamaso pa amayi mpaka mawondo atupe."

"Vitus, dikira. Pali nkhani ina."

"Ndikudziwa, akwiya. Akuyenera kukwiya."

"Si zimenezo."

Wa kabaza analiza belu kumsewu, akuloza mitambo. Madontho oyamba anagwa pamasamba a mango. Vitus anamufinya dzanja, nkhope yake ili ngwee ngati ya mwana amene wakhululukidwa, ndipo Rozi anameza mawu aja. Anadziuza kuti nkhani yotere sinenedwa mothamanga. Zoona zake n'zakuti anachita mantha kuona nkhopeyo ikuzima.

Atabwerera m'tchalitchi, Esitele sanadikire n'komwe kuti akhale pansi.

"Wamuuza?"

"Mvula inayamba."

"Mvula imatseka pakamwa? Rozi, iwe upha munthu."

* * *

M'mawa mwake Mateyo anamupeza akupalira mtedza kuseri kwa nyumba. Njinga yake yamoto inali itamangidwa katundu wa Khirisimasi: mpunga, shuga, mafuta ophikira ndi nkhuku yoyera imene inkayang'ana dziko chazondoka. Anapereka katunduyo kwa aNabanda, analandira madalitso ake, kenaka anatsikira kumunda akusamala nsapato.

"Ndamva kuti ansembe osamaliza aja afika."

"Nkhani zimathamanga."

"Wa kabaza ndi kasitomala wanga. Akuti munali pamango, wina akulira." Mateyo anathyola kaudzu n'kuyamba kukaluma. "Wabwera ndi bodza lanji?"

Rozi anamufotokozera. Ankayembekeza kuti aseka, ndipo anasekadi mpaka kugwira m'mimba, koma maso ake sanaseke nawo.

"Ndiye munthu wamkulu, wa masatifiketi, sadziwa kuti kwathu kuno kumazizira liti? Ine sukulu ndinalekezera panjira, Rozi, mabuku a nyama zolankhula sindinawerenge. Koma ndikati ndibwera Lachisanu, ndimabwera Lachisanu."

"Ndikudziwa, a Mateyo."

"Wamuuza kuti uli pa chinkhoswe?"

Rozi anapitiriza kupalira.

"Ndakufunsa."

"Ndimuuza ndekha. Ndipatseni mpata, Khirisimasi idutse."

"Mpata wa chiyani? Mawu ake ndi angati? 'Ndinapeza banja.' Basi." Anataya kaudzu kaja. "Pamene mudzi wonse unkakuseka, ndani anadutsa pakati pawo masanasana kubwera pakhomo pano? Anzanga ankanditcha wotola zotsala. Ndinapirira, chifukwa ndimakukonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Koma chiyambire chinkhoswe sunandilirirepo ine ngati mmene unalirira dzulo pamango."

Zinali zoona. Mateyo sanali munthu woipa, ndipo Rozi zikanamupepukira Mateyoyo akanakhala woipa.

Mateyo anadikira pang'ono, kenaka anakwera mtunda. Njinga inalira. Pamphambano sinakhotere kusitolo kwake, inalowera njira ya kwa a Fanuel. Rozi anaona, koma mutu wake unali wodzaza ndi zina.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo Rozi anayesa mayi ake. Anawapeza pakhonde akusankha mpunga uja m'lichero.

"Amayi, Vitus sananame. Kunali kusamvana chabe."

"Ndamva kale. Esitele wauza mayi ake, mayi ake auza dziko." ANabanda sanadzutse mutu. "Ndiye ukufuna ndipite kumjigo ndikanene kuti, pepani azimayi, mkamwini wanga amayendera kalendala ya ku Ulaya?"

"Akubwera ndi amalume ake kudzapepesa."

"Abwere, adzadya mpunga wa Mateyo." Anatola kamwala n'kukaponya kutali. "Iwe unali m'nyumba ukulira, sunaone. Ine ndi amene ndinkayenda panja. Mlongo wanga anandilalatira pabwalo pano, ana akumva, kuti ndamuchotsa pa fodya wake chifukwa cha maloto a mwana. Chimwalirire bambo ako ndinali ndisananyozekepo choncho. Lero anthu ayambanso kundipatsa moni, ndiye ukufuna undivulenso?"

"Nanga ngati mtima wanga uli kwina?"

"Mtima umatsatira kumene thupi lagona. Mwamuna amene sasiyanitsa Juni ndi Disembala adzakudzalitsa chimanga m'chilimwe." Apa mawu awo anafewa, ndipo kufewako kunapweteka kuposa kukalipa. "Mwana wanga, ndakalamba. Manyazi awiri chaka chimodzi sindingathe."

Rozi anatenga ndowa n'kupita kumjigo ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza. Anaganiza zokwera kabaza mpaka ku Dambe, koma mtsinje unali utadzaza ndi mvula ya dzulo. Anatsimikiza kuti adzamugwira Vitus pakhomo la tchalitchi Misa isanayambe, adzamukokera pambali, adzamuuza zonse ndi pakamwa pake. Kenaka chimene chidzachitike, chidzachitike.

* * *

Tsiku la Khirisimasi kunacha kotentha. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Pakhomo anamangapo masamba a nthochi, ndipo pakhola la Mwana Yesu azimayi anamwazapo thonje loyera monga ankachitira chaka chilichonse, popanda wofunsa kuti thonjelo likuimira chiyani. Rozi analiyang'ana ndipo kwa nthawi yoyamba anamvetsa kuti ndi ufa wozizira uja.

Anadikira panja mpaka belu lomaliza, Vitus osaoneka. Esitele anachita kumukoka kuti akayambitse nyimbo yolowera. Anthu ali pakati pa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, ndi pamene Vitus analowa, atavala suti yaifupi mikono, buluku litanyowa mpaka m'mawondo chifukwa chowoloka mtsinje. Pambuyo pake panali bambo wachikulire wa imvi, chipewa chili m'manja. Anapanikizana pabenchi yakumbuyo. Vitus anafunafuna Rozi ndi maso, atamupeza anamwetulira.

Misa yonse Rozi sanamve kanthu. Ankaimbitsa ndi manja okha, mtima uli pabenchi yakumbuyo. Ikangotha, ankadziuza, ikangotha ndithamanga.

Itatsala pang'ono kutha, a Fanuel anakwera pagome ndi zolengeza. Ananena za tsiku lolima m'munda wa mpingo, za ubatizo wa ana, za ambulera imene wina anaiwala sabata yatha. Kenaka anakonza magalasi n'kumwetulira.

"Pomaliza, nkhani yokoma. Imayenera kudikira chaka chatsopano, koma mwini wake wapempha kuti chimwemwe chikhale chimodzi ndi cha lero. Tikulengeza koyamba ukwati wa Mateyo Zulu ndi Rozi Mbewe, onse a mpingo uno. Ngati alipo amene akudziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana, asabise."

Nthungululu zinang'amba denga. Kumbali ya azimayi anthu ankagwira aNabanda m'mapewa. Mateyo, pabenchi yachiwiri, anayang'ana kutsogolo osaphethira.

Kumbuyo kunamveka benchi ikukhulika. Vitus anali ataimirira.

Nthungululu zinazima imodziimodzi. Anthu anatembenuka, ena anakwera pamabenchi kuti aone bwino. A Fanuel anavula magalasi. Aliyense ankadikira kuti mnyamatayo alankhule, ndipo Rozi, Mulungu amukhululukire, ankapemphera kuti alankhuledi. Koma Vitus anangomuyang'ana. Kumwetulira kuja kunali kudakali pankhope pake, kutaiwalika pamenepo ngati chovala chimene chatsala pachingwe mvula ikugwa. Anatuluka pabenchi, anagwada bondo limodzi moyang'ana guwa monga anaphunzirira kuseminale, n'kutuluka. A Benedicto anamutsatira akupukusa mutu.

Rozi anaika buku la nyimbo m'manja mwa Esitele.

"Khala pansi," ananong'ona Esitele. "Rozi, anthu akuona."

Njira yotulukira inadutsa pafupi ndi benchi ya mayi ake. ANabanda anamugwira mkono, zala zawo zolimba ndi khasu zikulowa m'mnofu.

"Ukatuluka pakhomo apo, wandivula pamaso pa mpingo wonse."

"Pepani, amayi."

Anasolola mkono wake n'kuyenda pakati pa anthu, nsapato zake zikumveka pasimenti mpaka kukhomo.

Anawapeza pamango, Vitus akulimbana ndi loko wa njinga imene anabwereka ku Dambe. Kiyi ankakana kulowa.

"Vitus, ndimafuna kukuuza. Tsiku lija ndinayamba, koma..."

"Ndiuze chinthu chimodzi chokha." Sanatembenuke. "Anakukakamiza?"

Bodza linali pafupi, lopepuka, ndipo Vitus akanalikhulupirira ndi mtima wonse. Akanaimba mlandu aNabanda, akanaimba mlandu amalume a ku Chiosya, akanamenya nkhondo. Rozi analimva bodzalo lili palilime.

"Ayi," anatero. "Ndinavomera ndekha."

Loko anatseguka. Vitus anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Koma pano ndatulukanso ndekha," anatero Rozi, misozi ikutsika. "Palibe wandituma. Ndiyang'ane, Vitus."

Anamuyang'ana, ndipo milomo yake inayamba kusuntha. Koma a Benedicto analowa pakati pawo, akuvala chipewa.

"Mwana wanga, usatilakwitse," anauza Rozi mofatsa. "Ine ndinabwera kudzafunsira mbeta. Mkazi amene dzina lake lawerengedwa paguwa ndi mwamuna wina, ine sindingamukhalire nkhoswe, ndipo kwathu palibe angayerekeze. Vitus, palasa."

Vitus anakwera. Mkuluyo anakhala pakaliyala. Njinga inagwedezeka m'matope, inawongoka, n'kuyamba kukwera mtunda wa kumsewu. Rozi anadikira kuti acheuke, ndipo pamphambano anacheukadi kamodzi, koma sanaime.

M'tchalitchi Esitele anali atayambitsa nyimbo yotulukira kuti aphimbe phokoso. Rozi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kuzungulira tchalitchi kuti abwerere. Pakhomo panali pataima aNabanda, mpango utapendekeka, akumuyang'ana ngati mwana wa eni. Chitseko cha tchalitchi chimenecho sichinkatsekedwa nthawi ya mapemphero, ngakhale pamvula. ANabanda anachotsa mwala wochigwiriza, anachikoka ndi manja awiri, n'kuchitseka okha.